Mmisiri Wapita ndi Kiyi M'thumba

Pali vuto lina limene limasowetsa tulo anthu ongoyamba kumene kulemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo kuwawa kwake n'kwakuti limabwera mwakachetechete. Tinene kuti mwalemba kapulogalamu kolembera matumba a mbewu amene alimi a kopaletivi akubweretsa kudepo. Windo yake mwaikonza bwinobwino: pamwamba kabokosi kolembamo mtundu wa mbewu, pansi pake kena kolembamo chiwerengero cha matumba a makilogalamu 50, kenako batani lakuti "Sungani". M'kabokosi koyambako mwaikiratu mawu akuti "chimanga", poti ndicho chimabwera kwambiri. Mwayatsa pulogalamu. Windo yatseguka, yokongola ndithu, koma kabokosi kaja kali mbee. Kompyuta sinadandaule, palibe uthenga wonena kuti mwalakwitsa. Mukabwerera kukawerenga zimene munalemba, mawu aja alipo ndithu, malembo ake onse ali m'malo mwake.

Ambiri akafika apa amayamba kukayikira kompyuta. Ena amachotsa Python, chinenero chimene akulembera pulogalamuyo, n'kuikanso, ena amangotaya mtima. Izi zimandimvetsa chisoni, chifukwa mapulogalamu amtunduwu, okhala m'kompyuta momwemo osadalira intaneti, ndi amene madera ngati Chongwe akuwafuna. Kudepo ya kumudzi, kusitolo ya zipangizo zaulimi, kuofesi ya sukulu, mapulogalamuwa safuna bandulo, ndipo netiweki ikathawa iwo sathawa nayo. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku, pulogalamu yotere inkatha kugwirabe ntchito pa laputopu bola batire ili ndi moto. Sibwino kuti munthu woti akanatipangira chida chotere agwe ulesi chifukwa cha vuto limene mankhwala ake ndi mzere umodzi.

Gwero la vutoli silili m'kabokosi. Lili pa mafunso awiri amene variable iliyonse, dzina lililonse limene pulogalamu ikusungirapo kanthu, liyenera kuyankha: mwini wake ndani, ndipo likhalapo mpaka liti? Olemba mapulogalamu akamakamba za scope amakhala akukamba zimenezi.

Nyumba yatha, koma polowera palibe

Mukamayenda pa Great East Road kuchoka ku Lusaka kulowera ku boma la Chongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 45, mumaona nyumba zikumera uku ndi uku. Cha ku Silverest, m'mbali mwa msewu muli milu ya mchenga ndi miyala, mabuloko oumbidwa kumene ali ndandanda padzuwa, mafelemu a zitseko atatsamiritsidwa pamipanda kudikira ogula. Aliyense amene anamangitsapo amalidziwa tsiku lomaliza la mmisiri. Wapachika chitseko, waika loko, walowetsa kiyi n'kupotokola kawiri katatu kuti amve ngati zikugwirana. Wakiya, ndipo mwachizolowezi kiyi uja wamuponya m'thumba la ovololo. Wasonkhanitsa levulo, chingwe, nyundo ndi tepi, wasasa fumbi, wakwera minibasi. Madzulo mwininyumba afika ndi katundu wake yense. Nyumba ili chilili, penti akadanunkha, chitseko chili m'malo mwake.

"Amisiri, kiyi mwasiya pati?"

"Pepani abwana, ndili naye m'thumba. Ndafika kale ku Lusaka."

Palibe chimene chamangidwa molakwika pamenepa. Chalakwika n'chakuti chinthu choyenera kukhalapo nthawi yonse imene nyumba ikhale chasungidwa m'thumba la munthu amene ntchito yake ndi ya masiku ochepa.

Mu pulogalamu, mmisiri ndi function: kagulu ka malamulo kamene kamaitanidwa, n'kugwira ntchito yake, n'kuchoka. Dzina lililonse lobadwira mkati mwa function limakhala m'thumba mwake, ndipo imachoka nalo. Taonani pulogalamu ija:

```
import tkinter as tk
from tkinter import ttk

def manga(windo):
    mbewu = tk.StringVar(value="chimanga")
    kabokosi = ttk.Entry(windo, textvariable=mbewu)
    kabokosi.pack()

windo = tk.Tk()
manga(windo)
windo.mainloop()
```

Kabokosi ndi chitseko, mbewu ndi kiyi. Function yotchedwa manga imamaliza ntchito yake m'kuphethira kwa diso, munthu asanagwire n'komwe kiyibodi. Mzere womalizawo ndi umene umatsegula windo n'kuyamba kudikira kuti wina alembe kapena adine batani, ndipo kudikirako kungatenge mphindi imodzi kapena tsiku lonse. Apa ndi pamene mapulogalamu a mawindo amasiyanirana ndi aja ophunzirira koyambirira, amene amangotsika mzere ndi mzere mpaka pansi. M'mapulogalamu a mawindo, nthawi yomanga ndi nthawi yogwiritsa ntchito zimatalikirana, ndipo pofika nthawi yogwiritsa ntchito mmisiri amakhala atapita kalekale.

Zimene zimachitika mkatimo

Wina afunsa: nanga bwanji kabokosi kakuonekabe, chonsecho nakonso kanabadwira mu function yomweyo? Yankho lake n'lakuti chitseko chinakhomedwa pakhoma. Polenga kabokosi munakapatsa windo ngati kholo lake, ndipo windo imasunga mndandanda wa ana ake onse. Function ikachoka, dzina lakuti kabokosi limapita, koma kabokosi kenikeniko kamatsala m'manja mwa windo.

StringVar, chosungira mawu chimene tachitcha mbewu, ilibe mwayi umenewu, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya Tkinter, chida chimene pulogalamuyi ikugwiritsa ntchito popanga mawindo. Python inatulutsidwa ndi Guido van Rossum mu 1991, koma mawindo ndi mabatani a Tkinter amajambulidwa ndi Tk, imene imayendera chinenero china chotchedwa Tcl. Ziwirizi anazipanga ndi John Ousterhout ku University of California, Berkeley, kuyambira mu 1988. Choncho pulogalamu ya Tkinter ili ndi mbali ziwiri zimene zimalankhulana. Mawu akuti "chimanga" amasungidwa ku mbali ya Tcl, pansi pa dzina longa PY_VAR0. Mukalemba textvariable=mbewu, kabokosi kamangouzidwa dzina limenelo, ngati nambala yodindidwa paloko. Kiyi weniweniyo sikamugwira.

Tsono Python imawerenga manja amene agwira chinthu chilichonse. Manjawo akatha, chinthucho imachichotsa kuti malo asawonongeke. Function ija itangochoka, palibenso dzanja logwira StringVar, ndiye imachotsedwa. Pochokapo imauza Tcl kuti ifufute PY_VAR0. Apa zenizeni zaposa fanizo lathu, pakuti sikuti chitseko changotsekeka, zimene zinali mkati nazonso zasesedwa. Timabokosi ta ttk, timene tinabwera ndi Tk 8.5 mu 2007, tikamva kuti dzina lathu lafufutidwa timafufutanso mawu pasikirini. N'chifukwa chake kabokosi kali mbee.

Kabokosi kakale ka tk.Entry kamachita mwina: kamasunga mawu amene kanali nawo. Izi zimanyenga. Munthu amasintha ttk.Entry kukhala tk.Entry, "chimanga" n'kubwerera, iye n'kuganiza kuti wachiza nthenda. Koma StringVar inapita ndithu, ndipo ngati panali function imene anaimangirira pamenepo kuti izidzuka mawu akasintha, siidzadzukanso.

Kiyi aperekedwe kwa yani?

Njira yoyamba imene anthu amathamangira ndi kulemba global. Kumeneku ndi kukoloweka kiyi pamsomali wa panja, pamene aliyense wodutsa angamutenge. Vuto loyamba limathadi, chifukwa dzina la global limakhala mpaka pulogalamu itatsekedwa. Pa kapulogalamu ka windo imodzi ndi timabokosi tiwiri, zimenezi sizipha munthu. Koma tsiku lina kudepo kudzadzaza, mlembi adzatsegula fomu yachiwiri ya mlimi wina yoyamba isanasungidwe. Ngati mafomu awiriwa akugwiritsa ntchito StringVar imodzi, zimene alemba kuno zidzaonekeranso uko. Ngati fomu yachiwiri yapanga yatsopano pa dzina lomwelo, batani la fomu yoyamba lidzawerenga za fomu yachiwiri. Matumba a mlimi wina adzalembedwa pa dzina la mnzake, kompyuta osanena kanthu. Kabokosi kopanda kanthu kuli bwino, poti maso amakaona. Chiwerengero cholakwika chimene chikuoneka ngati cholondola ndicho chimadanitsa anthu tsiku lolandira ndalama.

Njira yolongosoka ndi kupereka kiyi kwa mwininyumba. Mu Python mwininyumbayo amapangidwa ndi class, ndipo chilichonse cholembedwa ndi self kutsogolo chimakhala chake:

```
class Fomu:
    def __init__(self, windo):
        self.mbewu = tk.StringVar(windo, value="chimanga")
        ttk.Entry(windo, textvariable=self.mbewu).pack()
        ttk.Button(windo, text="Sungani",
                   command=self.sunga).pack()

    def sunga(self):
        print(self.mbewu.get())

windo = tk.Tk()
fomu = Fomu(windo)
windo.mainloop()
```

Mmisiri akumangabe n'kuchoka monga kale, koma asanachoke wasiya kiyi m'manja mwa fomu. Function ya sunga ikaitanidwa masana, imamupeza pomwepo. Mukatsegula mafomu khumi, iliyonse ili ndi kiyi wakewake, palibe kusokonezana. Onaninso kuti fomuyo payokha yapatsidwa dzina pamzere wachiwiri kuchokera pansi. Ndi chizolowezi chabwino, chifukwa mwininyumba nayenso akasowa womugwira amachotsedwa pamodzi ndi makiyi ake.

Amene sanafike pophunzira class ali ndi njira yachidule. Mu function yoyamba ija, onjezani mzere wakuti kabokosi.mbewu = mbewu. Mwamangirira kiyi kuchitseko ndi chingwe: malinga kabokosi kalipo, StringVar iliponso.

Makiyi awiri, dzina limodzi

Vuto lachiwiri ndi lapachibale ndi loyamba, koma limabisala mwaluso kuposa. Mukufuna kuti batani likadinidwa kabokosi kasinthe, ndiye mu function mwalemba mbewu = "soya". Palibe chikusintha. Mu Python, mukangopereka kanthu ku dzina mkati mwa function, dzinalo limakhala latsopano, la m'thumba la function imeneyo, ngakhale panja pali lina lofanana nalo. Mmisiri wabwera ndi kiyi wakewake wolembedwanso kuti "mbewu", wamupukuta bwinobwino, wapita naye. Wa nyumba sanakhudzidwe.

Python ikamafuna dzina imayamba kuyang'ana mu function imene ilimo, kenako mu function yoikuta ngati ilipo, kenako pabwalo la fayilo yonse, pomaliza pa mayina ake obadwa nawo monga print. Loyamba kupezeka ndilo limagwira ntchito, ena onse amaphimbika. N'chifukwa chake mzere ngati onse = onse + 1, wowerengera matumba onse a tsikulo, umabweretsa UnboundLocalError: Python yaona kuti mukupereka kanthu ku onse, yaliyesa la m'thumba, kenako yapeza kuti mukufuna kuliwerenga lisanalandire kanthu. Mawu a global, ndi nonlocal amene anabwera ndi Python 3.0 mu 2008, amauza Python kuti dzinalo ndi lakunja. Koma self.onse imathetsa nkhaniyi mosavuta.

Chenjerani ndi msampha wina woyandikana nawo. Ngakhale mutalemba self.mbewu = "soya", mwaonongabe zinthu: mwachotsa kiyi pachingwe chake n'kumangirirapo kapepala. StringVar yakale yatsala yopanda mwini, kabokosi kataya mnzake. Kusintha zimene zili mkati ndi self.mbewu.set("soya"), kuwerenga ndi self.mbewu.get(). Chizindikiro cha = chimasamutsa dzina, pamene set imasintha katundu dzina lili pomwepo.

Ophunzira Java amakumana ndi zomwezi atavala malaya ena. Pamwamba pa class alengeza JTextField matumba, kenako pomanga windo n'kulembanso JTextField matumba = new JTextField(). Kubwereza mawu akuti JTextField kwabala dzina lachiwiri la m'thumba. Kabokosi kaoneka pasikirini, koma matumba a class atsala opanda kanthu, ndipo batani likadinidwa pamabwera NullPointerException. Mankhwala ake ndi kufufuta liwu limodzi lobwerezedwalo.

Kiyi wa puloti ina

Nthawi zina zonse zimakhala ndi self, koma kabokosi ka pawindo yachiwiri osamvana ndi StringVar yake. Yang'anani ngati mwalemba tk.Tk() kawiri. Kuitana kulikonse kwa Tk() kumadzutsa Tcl yakeyake, yokhala ndi mayina akeake, ngati mapuloti awiri olekanitsidwa ndi mpanda. StringVar imene simunaiuze kholo imapita ku puloti yoyamba, pamene kabokosi kali pa yachiwiri kakufunafuna dzinalo kwawo. Pulogalamu imodzi ikhale ndi Tk() imodzi. Mawindo ena onse apangidwe ndi tk.Toplevel, ndipo StringVar muziipatsa kholo lake monga tachitira m'chitsanzo chachiwiri.

Mdadada wa zipinda zitatu

Tsopano taganizani mmisiri akumanga mdadada wa zipinda za lendi, koma ali ndi msomali umodzi wokolowekapo kiyi. Akamaliza chipinda amachotsa kiyi wakale n'kukolowekapo watsopano. Pomaliza pamsomali pali kiyi wa chipinda chomaliza yekha. Izi zimachitika mukamapanga timabokosi tambiri ndi loop, kena ka chimanga, kena ka soya, kena ka mtedza, koma dzina la StringVar lili limodzi. Kuzungulira kulikonse dzinalo limasamukira ku yatsopano, zakale n'kutsala zopanda mwini. Pamafunika msomali wa chipinda chilichonse, monga self.matumba[mtundu] = tk.StringVar(windo), kuti uliwonse mwa mitundu itatuyo ukhale ndi pake.

Mabatani nawo ali ndi mbali yawo pankhaniyi:

```
for mtundu in ["chimanga", "soya", "mtedza"]:
    ttk.Button(windo, text=mtundu,
               command=lambda: sankha(mtundu)).pack()
```

Mabatani atatu aoneka, lililonse ndi dzina lake lolondola. Dinani lililonse, yankho ndi "mtedza". Lambda, function yaing'ono imene taipereka kwa batani, sinatenge kiyi nthawi yomanga, inangoloweza pamene pali msomali. Imapita kukayang'ana pamsomalipo nthawi imene batani ladinidwa, loop itatha kale, n'kupeza womaliza. Mukalemba lambda m=mtundu: sankha(m), batani lililonse limalandira kiyi wake m'manja nthawi yomweyo.

Nthawi imapusitsanso mwanjira ina. Wina amalemba chiwerengero = kabokosi.get() pansi penipeni pa mzere wopanga kabokosi, n'kudabwa kuti nthawi zonse akupeza mopanda kanthu. Wawerenga windo isanatseguke, munthu asanalembe. Kuwerenga kuchitikire mkati mwa function imene batani limaitana.

Si Tkinter yokha

Mukaigwira mfundoyi mudzaizindikira kulikonse. Mu Tkinter momwemo, chithunzi cha PhotoImage chopangidwira mu function chimasowa pasikirini pa chifukwa chomwechi. Mu PyQt, windo yopangidwira mu function popanda woisunga imangoti phethi n'kuzimiririka. Mu JavaFX, bindBidirectional imalumikiza kabokosi ndi chosungira mawu popanda kuchigwira mwamphamvu, ndipo popeza Java imasesa panthawi yakeyake, pulogalamu imatha kuyenda bwino kwa kanthawi kenako n'kuleka popanda chooneka chimene chasintha. Zida n'zosiyana, koma funso ndi lomwe lija la mwini ndi nthawi.

Mukakumana nalo

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musayambe ndi kusintha mizere mwachisawawa. Choyamba pezani pamene StringVar yabadwira. Ngati ndi mkati mwa function ndipo ilibe self, mwapeza kale poyambira. Chachiwiri, fufuzani dzinalo mu fayilo yonse, muone paliponse pamene latsatiridwa ndi chizindikiro cha =. Liyenera kutero kamodzi kokha. Chachitatu, ifunseni kompyuta yomweyo: print(self.mbewu) imaonetsa dzina la ku Tcl, ndipo print(kabokosi["textvariable"]) imaonetsa dzina limene kabokosi kakudziwa. Kwina kukatuluka PY_VAR0 kwina PY_VAR3, ndiye kuti muli ndi makiyi awiri. Chachinayi, werengani ma Tk() anu. Pomaliza, musanapereke pulogalamu kwa oigwiritsa ntchito, tsegulani mafomu awiri nthawi imodzi, mulembe zosiyana, musunge yoyamba pambuyo pa yachiwiri, muone ngati iliyonse yasunga zakezake.

Dziwaninso kuti si kabokosi kalikonse kamene kamafuna StringVar. Ngati mukungofuna kuwerenga zimene munthu walemba akadina batani, sungani kabokosiko pa self n'kugwiritsa ntchito get yake. StringVar ndi yothandiza pamene zinthu ziwiri ziyenera kuyendera limodzi, monga chiwerengero cha matumba ndi mawu oonetsa makilogalamu onse amene akusintha munthu akamalemba. Kiyi amene simunapange sangatayike.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi, kuphatikizapo amene akusulidwa pa Chalimbana University, pamalo pamene aphunzitsi akhala akuphunzirira ntchito yawo kuyambira nthawi ya atsamunda. Mabatani ndi mitundu ya windo zimakopa ana msanga, ndipo n'zosavuta kuthamangira kumeneko. Koma phunziro la scope silisowa magetsi kapena kompyuta. Lembani kapulogalamu kakafupi pabolodi, ophunzira atenge makope awo, pambali pa dzina lililonse alembe zinthu ziwiri: mwini wake, ndi nthawi imene lidzachoke. Kenako afunseni kuti ndi mayina ati amene adzafunikebe batani likadzadinidwa masana. Mwana amene wazolowera kuyankha funso limeneli papepala adzalemba self pamalo oyenera popanda womukumbutsa, kaya adzagwiritsa ntchito Python, Java kapena chinenero china chimene chidzabwere m'tsogolo.